Ahedi Amene Anayeretsa Mabolodi

Panali munthu wina, a Redson Goliati, amene anali ahedi pa pulayimale ina ya kumapiri cha ku Biriwiri. Amene anandiuza akuti ndi zoona, ndipo ine ndikaikumbuka nkhaniyi mtima umandiwira.

Tsiku lina pasukulupo panaima galimoto, n'kutsikamo bwana wina dzina lake Silvester, mkulu wa bungwe lina lophunzitsa ana ndi makina. Munthuyo pakamwa anali wothyathyalika. Anati njira yake anaiyesa kale ku Bwanje ndipo inayenda bwino: sola padenga, batire, ndi pulojekita yoonetsa phunziro pakhoma. Tsopano ankafuna sukulu ina yoti aonetse akuluakulu a maphunziro, kuti njirayi ikhale lamulo m'sukulu zonse. Vuto linali limodzi. Zithunzi sizioneka pa bolodi lakuda, choncho mabolodi a sitandade 7 ndi 8 ankayenera kupakidwa penti woyera.

"Choko n'chachikale, ahedi," anatero Silvester. "Inu mukhala oyamba, dzina lanu limveka mpaka ku Lilongwe."

A Goliati anafufuma pomwepo. Wachiwiri wawo, mayi Rute, anayesa kuwatsina khutu. Anawakumbutsa kuti Bwanje ndi kuchigwa, kumene dzuwa limaswa mtengo, pomwe kumapiri kuno nkhungu ikagwa m'nyengo yozizira munthu suona ndi mbuzi yako yomwe. Anapempha kuti asiyeko bolodi la sitandade 8 lokha, poti mayeso anali pafupi ndipo mwana wawo yemwe wa ahediwo, Dailes, anali m'kalasi imeneyo. Koma a Goliati anawakalipira pamaso pa aphunzitsi onse, amvekere anthu ansanje ngati iwo ndi amene akubwezera dziko m'mbuyo.

Mabolodi anapakidwa penti wa mafuta, kuyera kuti mbee. Akuluakulu anabwera tsiku ladzuwa, makina anagwira ntchito, m'manja munaombedwa. Kenako a Goliati anatengedwa pa galimoto kupita ku msonkhano waukulu, kumene anaima atavala jekete n'kuchitira umboni kuti pasukulu pawo choko anatsanzikana nacho.

Ndiye kunabwera nkhungu ija. Sola ija inasowa dzuwa, ndipo batire inkatha ana asanamalize ndi phunziro loyamba lomwe. Mphunzitsi anatola choko kuti alembe, koma choko choyera pa khoma loyera chioneka bwanji? Chinkangotereranso pa pentipo. Masamu anayamba kuphunzitsidwa pakamwa ngati ulaliki, ana ali kakasi kuyang'ana khoma lopanda kanthu.

Mayi Rute anapempha kuti abwezeretse penti wakuda. A Goliati anakana, poopa kuti alendo akhoza kutulukira tsiku lililonse, iwo n'kuoneka abodza. Manyazi a munthu mmodzi, ana kalasi yonse! Ngakhale Dailes atadandaula kunyumba kuti masamu sakuwamva, bambo akewo anangoti, "Fatsa, dzuwa lituluka."

Dzuwalo silinatuluke, ndipo Silvester anasiya kuyankha foni. Mapeto ake a Goliati anakwera minibasi kumulondola ku ofesi kwake mumzinda. Anapeza magetsi atazima, pulojekita ili duu patebulo, mwini wakeyo akuphunzitsa antchito ake polemba ndi dzanja pa chipepala chachikulu chopachika pakhoma. A Goliati atafunsa kuti nanga makina aja bwanji, Silvester anaseka.

"Makina sadalirika, ahedi. Munthu umayenera kukhala ndi pothawira."

A Goliati anafunsa kuti nanga ana awo pothawira pawo pali pati. Bwanayo anati za mabatire aziona mu gawo lachiwiri la pulojekiti, ndipo anawakumbutsa kuti bulashi ya penti sanaigwire ndi iye. A Goliati atabwerera kusukulu anadetsa mabolodi aja ndi manja awo, koma madzi anali atafika kale m'khosi, mayeso anali sabata yotsatira.

Zotsatira zitatuluka, palibe mwana wa pasukulupo amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Dailes, amene sankatsika pa nambala 3 chiyambire, dzina lake panalibe. Masana a tsiku lomwelo a Goliati atakhala pakhonde anamva mawu a Silvester pa wailesi, akutchula sukulu yawo ngati chitsanzo choti sukulu zonse zitengerepo. Anazimitsa wailesiyo. Kunja kunali kutang'anima, kopanda ndi kamtambo komwe. Dailes anatuluka m'nyumba maso ali psuu, anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana bambo ake.

"Bambo, dzuwa lija latuluka."

Phunziro: Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ana ndi athu. Chatsopano chilandireni, koma musataye chakale musanachione chatsopanocho chikugwira ntchito pa nyengo ya kwanu, ndipo wokuchenjezani musamuyese wansanje. Tumizani nkhaniyi kwa ahedi, aphunzitsi ndi makomiti a sukulu amene mukuwadziwa, bolodi lina lisanapakidwe penti.