Buku la Pulofesa wa ku Ulaya

Sikanali koyamba kuti Manesi akhale mu ofesi ya a Felton, mkulu wa dipatimenti ya zaulimi, akupempha chinthu chomwechomwecho.

Iye ankaphunzitsa za nthaka pakoleji ina m'mapiri a ku Dowa. Buku limene silabasi inkafuna linali lochokera kunja, ndipo mtengo wake unkaposa wa thumba la feteleza. Ana a alimi a fodya a ku Dzoole akanalitenga kuti? Mulaibulale munali limodzi lokha, lothothoka masamba. Mayeso akabwera, theka la kalasi linkalephera.

Choncho Manesi anatha tchuthi chonse akulemba buku lake, nalitumiza kwaulere pagulu la WhatsApp la ophunzira. Chinatsala n'chakuti dipatimenti ilivomereze, kuti mafunso a mayeso azichokera m'menemo. Koma a Felton ankangozengereza. Mwezi wina anati maso akuwavuta. Mwezi wina anati zolembalemba za mphunzitsi wamba sizingatchedwe buku. Manesi ankadziwa kuti sanalitsegule n'komwe.

Tsikuli anawapeza akumwetulira. Anamuuza kuti asadzivutitsenso, vuto latha. Pochokera kumaliro ku Madisi anaona ophunzira akulimbirana buku lina pashopu ya fotokope, lotsikirako mtengo, lolembedwa ndi pulofesa wa ku Ulaya. Analigula, analiwerenga mpaka kumapeto, ndipo komiti inali italivomereza kale.

"Musakhumudwe, mayi," anatero a Felton. "Kulemba buku si kupalira chimanga. Litengeni mukaone mmene anzathu amafotokozera zinthu, mwina mukatolapo kanthu."

Manesi anaganiza za kachewere wake amene anaolera kudimba iye ali khuma pa laputopu. Anaganiza za ophunzira ake amene tsopano azifunika kupisanso m'thumba, pamene iye ankafuna kuti asatulutse kalikonse. Koma akanatsutsa bwanji? Kontirakiti yake inkatha chaka chomwecho, ndipo woisainira anali bambo yemweyu.

Analandira bukulo ndi manja awiri. Chikuto chinali chonyezimira, chokhala ndi chithunzi cha thirakitala m'munda wa tirigu, ndi dzina lachizungu limene anali asanalimvepo. Analitsegula pakati pongofuna kuonetsa ulemu.

Chiganizo choyamba anachimaliza pamtima asanafike kumapeto kwa mzere. Tsamba lotsatira linkafotokoza mmene nthaka inakokolokera m'munda wa amalume ake ku Malomo, ndipo liwu limene analakwitsa potayipa linali pomwepo. Buku lonselo linali lake lija. Wafotokope anangoliveka chikuto china.