Dimba la a Obed Likuyankhabe

Mwana wanga Fyson analumikiza timakina toyeza madzi m'madimba athu atatu a mpunga pa waya mmodzi, wofika pabokosi la pampu. Bambo ake, a Obed, atamwalira, dimba lawo ndinaligulitsa manda asanaume.

"Amayi, mukanadikira chaka."

"Udzalima ndiwe? Lidule pawayapo!"

Anaika kaswichi kodula mbali ya wayayo, kuti madimba awiri okha aziyankha pabokosipo.

Dzulo kutada ndinapita kukazimitsa pampu. Bokosi linkaonetsa madimba atatu. Ndinamuimbira Fyson.

"Sizingatheke, amayi. Kamakina kachitatuko ndinakazula, ndili nako kuno ku Tsangano."

Kumdimako, chakudimba lija, khasu linkamveka likutsegula ngalande.

"Pepani, bambo ake a Fyson," ndinatero. "Ndinafulumira."

Khasu linaleka. Mapazi anayamba kubwera m'matope.