Khonde la Che Atumani

Msomali womaliza wa sitepe yachitatu unapindika, ndipo Che Atumani anautukwana ngati kuti ukumva. Akazi awo a Zena anangotambasula dzanja n'kuwapatsa wina.

Unali mwezi wachitatu chiyambireni ntchitoyi. Khondelo linali la matabwa, kuseri kwa nyumba, lokwera kufika m'chiuno. Bambowa analimanga koyamba zaka khumi zapitazo, ataona lina ku hotela ya ku Makokola komwe ankakagulitsa chambo. Pa Nkope ponse panalibenso wina amene anaganizapo zokhala m'mwamba pansi palipo. Koma chiswe sichidziwa za hotela. Chinadya nsanamira, matabwa anayamba kulira, ndipo tsiku lina sitepe inabooka a Zena ataipondapo atasenza ndowa. Kwa zaka zinayi anawapempha amuna awo kuti akonze, iwo n'kumangoti Inshallah.

Chimene chinadzutsa hamala ndi Lusiya.

Chaka chimenecho, 1989, anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali mbwee m'boma la Mangochi, ena mpaka anafika kunyanja kudzafuna maganyu. Lusiya, wa zaka makumi awiri, ankayanika usipa pa mathandala a Che Atumani. Iwo ankati amumvera chisoni mwana wamasiyeyo ndipo akufuna kumukwatira ngati sadaka, ntchito yachifundo pamaso pa Mulungu. Chifundo chawocho chinali ndi maso akuthwa. Chinadumpha amayi okalamba asanu ndi bambo wina wa mwendo umodzi, n'kukatera pa iye yekha.

Vuto linali malo. Mkazi wachiwiri amakhala kwawo, mwamuna n'kumayendera. Koma mudzi wa Lusiya unapsa. Che Atumani nawo anali mkamwini: nthaka yomwe panali nyumba, mango ndi khondelo inali ya mbumba ya a Zena. Kuti amumangire Lusiya kanyumba pambali, panafunika mawu a Che Ibrahimu, amjomba, kapena kuti amalume awo a Zena.

Atawauza akazi awo, a Zena anangopitiriza ntchito zawo za tsikulo. M'mawa mwake anati, "Ndamva, abambo. Koma amjomba musawakhazike pa matabwa owola."

Che Atumani anaona kuti nzeru ndi imeneyo. Munthu ukamukhazika pabwino, tiyi wamkaka ali m'manja, pakamwa pake pamavuta kutuluka ayi.

Kuyambira pamenepo a Zena anasanduka kapitawo. Matabwa a bulugamu anawakana, anati amang'aluka, pafunika mbawa. Mwamuna anagulitsa bwato limodzi mwa awiri ake n'kugula mbawa. Nsanamira anazipaka oilo wakuda kawiri, a Zena anati katatu. Masitepe anali atatu, iwo anati akhale asanu kuti maondo asamavutike, ndiponso pakhale pogwira. Che Atumani anakana kulemba kalipentala, poti ulemu wake unayenera kukhala wawo okha. Anacheka okha, anapala okha, chala chachikulu chinada n'kutaya chikhadabo. Ndipo kunena zoona, ntchito inaoneka. Munthuyu manja anali nawo, kungoti ankayembekeza chifukwa.

Ku bawo sankapuma kudzitama. "Inu akazi anu amakuponyerani mapoto mukatchula mitala," ankatero akuseka. "Wanga akundigwirira misomali. Nkhani n'kudziwa kulera."

Anzawo ankangoyang'ana m'mabowo a bawo, ena n'kumakhosomola. Che Atumani ankati ndi nsanje.

Khonde litatha, Lachisanu atachoka ku mzikiti, Che Ibrahimu anafika ndi ankhoswe awiri, mmodzi wa kuchikazi, wina wa kuchimuna. Vanishi anali akununkhabe. Mkuluyo sanafulumire kukhala. Anakwera masitepe imodziimodzi, akudinda ndi ndodo. Anagwedeza pogwira paja, sipanasunthe. Anawerama mpaka kusuzumira kunsi.

"Mwamaliza zonse?" anafunsa. "Palibe chatsala?"

"Ngakhale msomali umodzi, amjomba," anatero Che Atumani, chifuwa chili patsogolo. "Ili likhala zaka makumi atatu."

"Alhamdulillah."

A Zena anabweretsa tiyi ndi mpunga wa chambo, anagwada, n'kubwerera kukaima pakhomo. Anali atavala chitenje chatsopano, nkhope ili ngwee, ndipo mwamuna wawo anawanyadira kuchokera pansi pa mtima. Alendo atasamba m'manja, Che Atumani anakonza kofia n'kuyamba mawu omwe anawaloweza sabata yonse. Ananena za nkhondo, za ana amasiye, za mphotho imene Mulungu amasungira wosamala mlendo. Pofika pa dzina la Lusiya anafika podzimvera okha chisoni.

Che Ibrahimu anakweza dzanja.

"Musadzivutitse, Che Atumani. Mtsikanayo mukwatireni, chipembedzo chikulola, ife sitingatseke."

Che Atumani anatsala pang'ono kuwagwira mapazi. Anacheukira a Zena kuti aone chimwemwe chawo, kenaka anayamba kuloza pansi pa mango pomwe kanyumba kadzakhale.

"Malo mukamufunire kwanu," anapitiriza mkuluyo, akupukuta pakamwa. "Zena anabwera kwa ine miyezi itatu yapitayo kuti ukwati uthe, ndipo mbali zonse ziwiri tinavomera. Tikanabwera sabata yomweyo, koma anatipempha kuti tidikire mumalize kaye khonde."

A Zena anatulutsa chikwama cha zovala za amuna awo, chomanga kale, n'kuchiika pamapazi pa Che Atumani.

"Potsika musaope, abambo," anatero. "Masitepe ndi olimba."