Mpweya wa Achimwene

Wokonza mafoni wina, amene pakamwa pake sipauma nthabwala, anasiya zimene ankachita. Mlamu wake wamasiye anali atagunditsa foni kukhutu, akumvetsera nyimbo imene malemu mwamuna wake anajambula.

"Alamu, mawu ndi awo ndithu," anatero mayiyo, "koma mpweya uli kuti? Ankayamba akoka kaye mpweya asanakweze mawu."

Sabata yatha wokonza mafoniyo anaifinya nyimboyo pakompyuta kuti ichepe, foni ipeze malo, n'kufufuta yoyambirira yaikulu, yosunga kalikonse. "Makina amangotaya zimene khutu silimva," anaseka tsikulo. "Achimwene anali onenepa, tangowachepetsako thupi."

"Ndibwezereni yaikulu ija," anatero mlamuyo.

Wokonza mafoniyo anatsegula kompyuta n'kuyamba kufufuza pang'onopang'ono, ngakhale ankadziwa kuti mulibemo.