Nthambi Pamsewu wa Madzimoyo

"Lenia, ndani wataya nthambi pamsewu?" anafunsa Mayi Kessler, mkazi wa mmishonale wochokera ku Amereka, ataimitsa lole yodzaza ana a msasa wa Baibulo.

Lenia anadziwa kuti nthambizo zikunena za maliro kutsogoloko. Koma anakumbukira mwezi watha, pamene mayiyu anamuchotsa pa uphunzitsi n'kumutumiza kotsuka mbale chifukwa chokagona pamaliro a malume ake. "Maliro si chifukwa chojombera ntchito ya Mulungu," anatero tsikulo pamaso pa ana.

"Kaya, mayi. Paja ine ndine wa mbale," Lenia anayankha.

Mayi Kessler anatsika n'kukankhira nthambi zija m'ngalande ndi phazi. Anakweza nyimbo pasipika, lole n'kudutsa pasiwa mwaliwiro. Ana a m'mudzimo anazolika, ana a Mayi Kessler okha ndiwo ankawomba m'manja. Anamfedwa anangoyang'ana.

Kutacha, makolo anabwera kudzatenga ana awo. Pofika masana msasa unali zii.

"Apita kuti onse? Ulaliki uyamba posachedwa," anatero Mayi Kessler.

"Kumaliro, mayi," anatero Lenia, akupukuta mbale zomwe palibe anadyerapo. "Ndikawauze kuti si chifukwa?"