Moto M'beseni la Petulo

Mwana wamkazi wa makaniko anangoona moto ukulilima m'beseni la petulo limene bambo ake ankatsukiramo zitsulo. Bambowo anali chagada pansi pa galimoto, mapazi okha ali kunja, pafupi ndi besenilo.

Mwini galimotoyo, mphunzitsi wa kemisitiri, anatola ndowa ya madzi n'kuthamangira kumotoko. Mtsikanayo anaponya pansi chakudya chimene anabweretsera bambo ake, n'kuigwira ndowayo ndi manja awiri.

"Musathire madzi," anatero mtsikanayo.

"Tasiya iwe, bambo akowo apsa!"

"Petulo sasakanikirana ndi madzi, amayandama pamwamba. Mukathira, moto uyenderera mpaka pansi pa galimoto."

Mphunzitsiyo anangoti chilili, madzi akukhavukira pa nsapato zake. Mtsikanayo anakoka lata limene linatsamira khoma n'kuvundikira besenilo. Utsi wakuda unatuluka m'mbali, kenako moto unazima. Bambo ake anatuluka chokwawa, akutsokomola.

"Mwana wanzeru uyu," anatero mphunzitsiyo, akupukuta thukuta. "Za mahaidirokabonizi, mafuta onga petuloyu, umaphunzira kusukulu iti?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"M'kalasi mwanu, aphunzitsi. Ndimakhala kumbuyo, chaka chachiwiri tsopano."