Zala za Aylén

Zulma anaima kuseri kwa galasi, maso ali pa mwana wake Aylén, yemwe anali yekhayekha m'chipinda cha kafukufuku. Madokotala anali atamulanda foni kuti aone zimene mwana wokomedwa ndi magemu amachita ikasowa m'manja.

Posakhalitsa zala za mtsikanayo zinayamba kuyendayenda patebulo popanda kanthu.

"Mwaona, mayi?" ananong'ona Dokotala Ibarra, cholembera chili m'manja. "Akusewerabe. Zikafika apa timawagoneka m'chipatala."

Zulma anasendera pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. Chala chachikulu chinkatsina, chinzake n'kupinda, kenako kutsinanso. Gemu yanji imeneyi?

"Adokotala, si gemu iyi. Akutseka m'mphepete mwa empanada, zonga samusa zija ndimaika nyama m'kati n'kukazinga pamsika." Zulma analoza zalazo. "Zaka ziwiri mwana ameneyu osaponda m'khitchini mwanga."

Dokotala anatembenuza pepala lake la mafunso uku ndi uku, koma malo a zimenezo panalibe.

"Ndiye ndilembe chiyani?"

Zulma anayang'anitsitsanso kapindidweko.

"Lembani kuti ndi za nkhuku. Za ng'ombe sitipinda choncho."